Dzanja Lomwe Selestina Sanalione

Pa msika wa Lizulu panalibe munthu wa maso akuthwa ngati Selestina Nangozo. Mlimi akabwera ndi thumba la kachewere kuchokera kutsidya kwa msewu, ku Mozambiki, n'kumati zonse n'zabwino mayi, iye ankangoti maso dwii pakamwa pa thumba, n'kuloza imodzi.

"Iyo yabooledwa ndi mbozi. Khuthula pansi, usandipusitse."

Akakhuthula, pansi pa thumba pankapezekadi zowola. Ulusi pa singano ankalowetsa kamodzi kokha, osanyambitanso. Ndiye munthu wotere ungamuuze kuti akudwala maso? Angakutukwane, ndipo anthu angamuikire kumbuyo.

Kudzanja lake lamanja pamsikapo pankakhala Enelesi, wogulitsa kabichi ndi anyezi. Awiriwa anakulira mudzi umodzi, anasiya sukulu chaka chimodzi, analangizidwa limodzi kumpingo. Minibasi ikaima ankathamangira limodzi kumawindo, wina ndi ndowa ya kachewere, wina kabichi m'khwapa. Ikachoka ankabwerera akunyozana.

"Iwe Enelesi, kabichi wakoyo mutu wake ngati wa mwamuna wako, waukulu koma m'kati mulibe kanthu."

"Bola ine mwamuna ndili naye. Iwe umafunda thumba la kachewere."

Ankaseka mpaka kutsokomola. Mwamuna wa Selestina anamwalira kalekale, atabwera ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chosamva mankhwala. Mwana wake mmodzi yekhayo, Thokozani, naye anapita ku Joni komweko. Chimene anachita chooneka n'kutumiza malata. Nyumba ya mayi ake, kumapeto kwa mudzi, inayamba kunyezimira dzuwa likaswa mtengo. M'katimo munali munthu mmodzi ndi mphaka.

Chaka chomwe malata anakhomedwa n'chimene Selestina anayamba kugunda zinthu. Phewa pa mphuthu ya chitseko. Phazi pa ndowa. Tsiku lina anaponda mwanapiye mpaka kufa. Zonsezi ankakalipira ena: ana a eni ake osiya zinthu paliponse, mmisiri wochepetsa khomo, nkhuku zopanda nzeru. Sanaganizepo za maso. Akayang'ana chinthu ankachiona bwinobwino, ndiye vuto lichokera kuti?

Koma njira yochoka kwake kupita kumsewu imadutsa m'makomo mwa anthu. Wodutsa ndiye amayamba, amati zikomo, tidutse nawo. Selestina ankadutsa mtolo uli pamutu, khosi lili chilili, osalankhula. Azimayi ali pakhonde akutong'ola chimanga ankamuyang'ana mpaka kukhota.

"Malata amenewa," ankatero. "Alowa m'mutu."

Enelesi yekha ankamuikira kumbuyo. "Musiyeni, ndi mmene alili. Akamayenda amakhala akukangana ndi alimi mumtima."

Ndiye mwezi wa chisanu, Yoramu, mwamuna wa Enelesi, anamwalira. Anadwala pang'ono chabe. Selestina uthenga unamupeza pamsika. Anasiya katundu osaphimba n'komwe, n'kuthamanga akulira njira yonse, pakuti Yoramu ankamunyoza pakamwa pokha, mumtima ankamutenga ngati mlongo wake.

Kunja dzuwa linali ng'aa. Atalowa m'nyumba ya siwa, munangoti bii. Ankamva azimayi akulira, akununkha utsi ndi thukuta, koma ankangoona kachidutswa ka khoma kutsogolo kwake, ndi pansi pake mutu wa munthu wofunda nsalu yakuda. Anati ameneyo ndiye namfedwa. Analunjika komweko, akudumpha miyendo ya anthu, n'kugwada, n'kumukumbatira akulira mokweza. Atakweza nkhope anapeza kuti ndi mlongo wake wa malemu, wochokera ku Sharpevale. Anati palibe kanthu, nayenso ndi mwini maliro. Anafunsa chapansipansi kuti Enelesi ali kuti. Palibe anamuyankha. Anaganiza kuti mwina amutengera kuchipinda, n'kutuluka kukathandiza kuphika.

Maliro anaikidwa. Ndipo kuyambira pamenepo mudzi unazizira.

Pa mjigo, akafika, nkhani inkatha. Ankamva ndowa zokha zikudzaza. Kutchalitchi anayamba kumva mphepo m'mikono. Poyamba anati ndi chisanu, koma atatembenuka anapeza benchi yonse ali yekha, azimayi atapanikizana pa benchi ya kumbuyo ngati nkhuku pa mvula. Anapita kwa Enelesi ndi shuga ndi ufa m'kambale. Anamupeza pakhonde, duku lakuda kumutu.

"Iwe Enelesi, wadya kanthu lero?"

"Zikomo amake Thokozani. Ikani pomwepo."

Inu! Chibadwire Enelesi anali asanamutchulepo inu. Selestina anaima kanthawi, mbale ili m'manja, kudikira kuti mwina ndi nthabwala. Enelesi analowa m'nyumba n'kukankha chitseko.

Pamsika malo a kumanja aja anali opanda munthu, poti wamasiye sathamangira msika msanga. Minibasi ikaima Selestina ankathamanga yekha, n'kubwerera yekha, mawu onyoza ali okonzeka pakamwa koma wowalandira palibe. Madzulo akafika kunyumba ankaphika kam'phika kakang'ono, n'kumadya akumvetsera malata akuthetheka pozizira. Mphaka uja ankamukalipira kuti naye amve mawu a munthu.

Amene anamuuza ndi Pauline, mayi wa matimati, munthu wosadziwa kusunga mawu. Anakangana za malo oika dengu, Selestina n'kumuti wopanda mwambo.

"Mwambo? Inu mungandiuze za mwambo? Inu amene munakana dzanja la namfedwa anthu onse akuona?"

"Dzanja la yani?"

"Musadzipusitse mayi. Amake Lucky anakhala pafupi ndi khomo. Mutalowa anatambasula dzanja akulira, akutchula dzina lanu lachibwana. Inu munadumpha miyendo yawo ngati chipika. Potuluka chimodzimodzi. Dzanja lili m'mwamba mpaka wina anachita kulitsitsa."

Amake Lucky ndiye Enelesi. Selestina dzina lake analimvadi m'kati mwa kulira kuja, koma pa siwa amalira mayina ambiri.

"Sindinamuone."

Pauline anaseka mpaka kuwomba m'manja. "Tamvani anthuni! Akuti sanaone! Amene amaona mbozi ili m'kati mwa mbatatesi, thumba lisanamasulidwe!"

Azimayi ena anaseka nawo. Selestina anasiya katundu wake pomwepo. Anangonyamuka kuti awoloke msewu, osadziwanso chimene akukafuna kutsidyako. Anayang'ana kutsogolo, njira ili mbee. Anangomva belu pakhutu penipeni, kenako khuu, ali pansi, wakabaza ali pamwamba pake pamodzi ndi njinga.

"Mayi inu! Ndakhala ndikuliza belu kuchokera uko! Maso mulibe?"

Chikope chinang'ambika pang'ono, magazi ambiri kuposa bala. Anthu anamukweza minibasi ya ku Ntcheu akukana. Kuchipatala atamusoka, namwino anamufunsa mmene zinachitikira, n'kumuyang'ana nthawi yaitali, n'kumutumiza kuchipinda cha maso.

Kumeneko kunali dokotala wocheperako msinkhu kwa Thokozani. Anamuimika patali ndi chikwangwani chokhala ndi tinthu tangati zipeso za mano atatu, n'kumuuza kuti aziloza kumene manowo ayang'ana. Selestina analoza zonse, zazikulu mpaka tating'onoting'ono ta pansi.

"Mwaona? Ndinakuuzani. Ndipatseni chilolezo ndizipita, katundu wanga akubedwa."

"Khalani kaye apa, mayi." Anakokera mpando wake pafupi mpaka mawondo kutsala pang'ono kugundana. "Tsekani diso ili ndi dzanja. Muyang'ane mphuno yanga, osayang'ana kwina."

"Mphuno yanu ili ndi chiyani?"

"Palibe, ndi yoipa chabe. Mukaona zala zanga zikugwedera, munene."

Selestina anayang'ana mphunoyo. Inali ndi kachiphuphu kumbali. Anadikira. Anadikirabe.

"Yambanitu bambo, nthawi ikupita."

"Ndayamba kale, mayi."

Anatembenuza mutu. Dzanja la dokotala linali pomwepo, pafupi ndi tsaya lake, zala zikugwedera ngati za mwana wotsanzika. Dokotala anabwereza diso linalo, chimodzimodzi: dzanja linkatulukira pokhapokha likafika pafupi ndi mphuno ija, ngati lachokera m'khoma.

Dokotala anamudonthezera mankhwala, n'kumuyeza ndi makina ounikira. Atatha anafotokoza pang'onopang'ono. Anati m'diso mumakhala madzi olowa ndi kutuluka. Kwa iye potulukira pachepa, ndiye madziwo akufinya mtsempha wa kuseri kwa diso. Mtsemphawo umafa mwakachetechete, kuyambira m'mbali, osapweteka. Munthu amatsala akuona ngati wasuzumira m'paipi, ndipo sadziwa, chifukwa chimene wachiyang'ana amachionabe.

"Ndiye ndi ng'ala imeneyo. Chotsani. Azakhali anga munawachotsa akuonanso."

"Si ng'ala, mayi. Ng'ala timachotsadi. Izi, zomwe zapita sizibwerera. Tingathe kuteteza zomwe zatsala."

Selestina anakhala tsonga. Mawu akuti sizitheka anawamvapo kwa alimi ambiri, ndipo onse pomaliza ankatsitsa.

"Tiyeni tikambirane bwino. Sindikuti mubweze zonse ayi. Theka."

"Mayi..."

"Chabwino, mbali imodzi yokha. Ya kumanja. Kumanzere musiye, sikukhala munthu."

Dokotala sanaseke. Anapukusa mutu. Selestina anaimirira ngati akuchoka, n'kufika pakhomo, kudikira kuti amuitane ngati mmene amachitira wogulitsa akaona kuti wogula akupitadi. Anamuitanadi, koma kuti amupatse kabotolo kakang'ono.

"Dontho limodzi diso lililonse, m'mawa ndi madzulo, moyo wanu wonse. Mukasiya, kapaipi kaja kazicheperachepera mpaka kutsekeka. Mankhwalawa akatsala pang'ono kutha mubwere. Ana anu nawonso akayezetse, zimayenda m'magazi. Mwabwera ndi ndani?"

"Ndi miyendo yanga."

"Kunyumba alipo wokuthirani?"

"Manja ndili nawo."

M'mawa mwake anakhala pakhonde, n'kugadamitsa mutu, n'kufinya kabotolo. Dontho linagwera pa nsidze. Lachiwiri patsaya, n'kutsetsereka mpaka pakamwa, lowawa. Kabotolo kakafika pafupi, dzanja lake lomwe linkasowa, diso n'kuphethira lokha. Anayesa ndi kalilole, koma manja sanakwane: lina chikope, lina botolo, kalilole agwire ndani? Lomwe linalowa ndi limodzi, mwangozi. Anakweza kabotolo kudzuwa n'kuona kuti katsika kale.

Anaimbira Thokozani. Kumbuyo kwake kunkamveka makina akulira.

"Amayi, musadandaule, ndikutumizirani magalasi abwino a kuno."

"Si za magalasi iwe! Ukayezetse maso ako, akuti zimayenda m'magazi."

"Mukuti chiyani? Sindikumva. Ndiimba Lamulungu."

Foni inaduka. Selestina anaiyang'ana, n'kuiika pansi. Anamanga kabotolo pa mfundo ya chitenje n'kulowa njira. Ulendo uno ankayenda akutembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira. Anadabwa kuona kuchuluka kwa anthu m'makonde. Anali momwemo nthawi yonseyi? Anapereka zikomo kwa aliyense. Ena anayankha, ena anangoyang'anana.

Enelesi anali kuseri kwa nyumba, pamphasa, akusankha nyemba. Anali ataonda, khosi litatalika.

"Odi."

"Fikani amake Thokozani."

Sanamupatse mphasa. Selestina anakhala pansi pomwepo, moyang'anizana naye, kuti azimuona nkhope.

"Ndabwera ndikuuze za dzanja lako. Sindinalione."

"Ndamva. Pauline wauza msika wonse."

"Ndinapita kuchipatala. Akuti m'mbali sindiona. Ndimangoona chimene ndachilunjika."

"Pepani ndithu."

"Usanditi pepani ngati ndine mlendo! Ndikukuuza zoona!"

Enelesi anaika lichero pansi. "Amake Thokozani, bala la njinga ndaliona, ndi ilo. Koma matenda amene mukunenawo sindinawamvepo. Wakhungu timamudziwa, diso limachita loyera, amayenda ndi ndodo. Inu maso anu ali gwa ngati a mwana. Apa pomwe mwakhala mukuona nyemba yofumbwa m'licheromu, ndikunama?"

Selestina anayang'ana. Inalipodi, ya kabowo, pakati penipeni. Akanatha kunama. Sanazolowere.

"Ndikuiona."

"Basi."

"Ndiyese! Dokotala anandiyesa. Ndiyang'ana mphuno yako, iwe ugwedeze zala m'mbalimu, ndikuuza ndikaziona."

"Ndiye mudzati simukuziona. Ngakhale ine ndingathe kutero. N'zovuta kunena kuti sindikuona?"

Apa Selestina anasowa poponda. Chinthu ukachiona umachiloza, anthu n'kuvomereza. Nanga chimene sukuchiona uchiloza bwanji? Anamasula kabotolo n'kukaika pamphasa.

"Nanga aka?"

"Mankhwala a maso amagulitsa ndi pa Lizulu pomwe."

Ndiye Selestina anapsa mtima, poti njira ina analibe. Anayang'ana Enelesi pamphuno n'kuyamba kulakatula. Anati ndani anakusenza kupita nawe kuchipatala uli ndi pakati pa Lucky, mvula ikugwa. Ndani ankagulitsa kabichi wako wowolayo iwe ukudwazika mayi ako. Anati malata ndi chiyani, amangosokosa mvula ikamagwa, munthu osagona, ndipo m'nyumbamo ndimayankhula ndi mphaka. Anati Yoramu ndinamulira kuposa abale ake odya nyama aja. Ndikanakana dzanja lako chifukwa chiyani, chitsiru iwe, ndipindulenji?

Ali m'kati molankhula anamva kamphepo pa khutu la kumanja, kamphamvu, kamodzi. Nsonga ya duku lake inagwedera. Nkhope ya Enelesi inali pomwe inali, koma phewa linali litasuntha, ndipo kupuma kwake kunasintha.

"N'chiyani chimenecho?"

Selestina anatembenuka. Pafupi ndi tsaya lake panali chikuni, chachikulu ngati dzanja la munthu, chili m'mwamba m'manja mwa Enelesi. Chinaima patangotsala pang'ono.

"Unafuna kundipha?"

"Sunaphethire," anatero Enelesi, mawu ali pansi. "Iwe amene umathawa ndi ntchentche yomwe. Sunaphethire n'komwe."

Chikuni chinagwa. Enelesi anaphimba nkhope ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Selestina anafuna kumugwira, koma Enelesi anasendera kumbuyo.

"Ndisiye. Ndamva, sukunama. Koma tsiku lija ndinali ndekha, Selestina. Nyumba yodzaza anthu, ine ndimadikira iwe. Ndinatambasula dzanja, akuchimuna onse akuona, iwe n'kukakumbatira mlamu wanga amene sanandifunepo chikwatiwire. Zimenezo sizichoka chifukwa dokotala wanena."

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa."

Nkhuku inabwera n'kuyamba kujompha nyemba m'lichero, palibe anaiingitsa. Patapita nthawi Enelesi anapukuta m'maso, n'kutola kabotolo kaja, n'kukatembenuzatembenuza.

"Amathira bwanji?"

"Dontho limodzi uku, limodzi uku. Ndikathira ndekha ndikumwetsa masaya."

"Gona apa."

Selestina anagona chagada pamphasa, mutu pafupi ndi bondo la mnzake, osaligunda. Zala za Enelesi zinali zokhakhala, zonunkha utsi. Zinakoka chikope mosanyengerera. Dontho linagwa pakati penipeni, lozizira. Linalo chimodzimodzi.

"Akuti nditsinzine kaye."

"Tsinzina, ndipumuleko pakamwa pakopo."

Ali chitsinzinire anamva lichero likukokedwa, nyemba zikuyambanso kugwa imodziimodzi.

"Akuti m'mawa ndi madzulo," anatero Selestina. "Moyo wanga wonse."

Nyemba zinapitiriza kugwa.

"Madzulo ano ubwere dzuwa lisanalowe, ine mumdima sindithira munthu. Zinazo sindinalonjeze. Ndipo azimayi a pa mjigo ukawauze wekha, ine sindikhala mneneri wako."

"Sakandikhulupirira."

"Ayi, sakakhulupirira."

Selestina anatsegula maso. Kumwamba kunaoneka kadanga kozungulira, kabuluu, ndi nsonga ya udzu wa denga. Enelesi anali pafupi, ankamumva kupuma, koma kuti amuone anayenera kutembenuza mutu wonse. Anautembenuza. Enelesi anali akuyang'ana nyemba zake.

Anadzuka, n'kukutumula chitenje, n'kutambasula dzanja kuti atenge kabotolo.

"Kasiye," anatero Enelesi osakweza mutu. "Kwanuko ukangokaponda."